Tsiku limene ndinadzitsekera m'tenti ku Chanyanya

Anzanga, ine mantha ndinabadwa nawo, kungoti ndinkawabisa bwino mpaka mwezi wa Malichi wapitawu. Nkhani ya ukwati wanga ndi Misozi inali itafika kwa akuluakulu, ndipo amalume ake anatuma mlongo wamkulu wa Misozi, ba Enock, kuti andione bwinobwino ngati ndine munthu woti n'kumusiyira mwana wawo. M'malo mongowagulira ba Enock nyama yootcha ku Nangongwe konkuno nkhani n'kutha, ine ndinafuna kuonetsa chamuna. Ndinali nditaona pafoni anthu akugona m'matenti pazilumba, ndiye ndinati nafenso mtsinje wa Kafue tili nawo, tiyeni ku Chanyanya atatufe.

Tenti ndinabwereka kutchalitchi, galimoto kwa mnzanga wa kufakitale. Mvula imene ndinalumbira kuti yatha inatipeza panjira, galimoto n'kutitimira m'matope, ba Enock akukankha ine ndili pachiwongolero kulamula. Titafika kumtsinje, wopalasa bwato anatisiya pa kachilumba ka mabango okhaokha, nati adzatitenga mawa. Machesi ndinali nditawaika m'thumba lakumbuyo n'kuwakhalira m'madzi a m'bwato, choncho tinadya buledi wonyowa. Ba Enock ankangondiyang'ana ngati mbuzi yoti aibweze kwa wogulitsa.

Chakumadzulo mvula inasanduka ya mawawa, nkhungu n'kutsika mpaka tsidya lonse kusowa. Mbalame zinangoti zii, achule nawonso. Misozi ndi mlongo wake anapita kuseri kwa mabango kukafuna pouma poti tisunthire tenti, ine n'kutsala ndekha. Ndipamene ndinamva kugunda, duu, duu, kochokera pansi pa madzi, kwakuti kumamvekera m'chifuwa osati m'makutu. Nditayang'ana kumtsinje ndinaziona. Zinali zoyera, zazitali, mitu yosongoka, zopanda nkhope, zopanda miyendo, zitaima pamwamba pa madzi mondondozana. Zinkakweza manja pamodzi n'kuwatsitsa pamodzi, osalankhula, ndipo zinkasendera kuno.

Kodi inuyo mukanatani? Ine ndinalowa m'tenti, kukoka zipi mpaka pansi n'kuigwira ndi manja onse awiri. Zoti mkazi amene ndikufuna kukwatira ali panja sizinandifike m'mutu n'komwe.

Posakhalitsa china chake chinayamba kukanda tenti pang'onopang'ono, kenako mawu otsika anati, “Chisomo, segula.” Amayi anandilera ndi lamulo lakuti ukamva dzina lako kumadzi usakuona wokuitana, usayankhe. Mawuwo anali a Misozi enieni, ndipo n'zimene zinandimaliza, chifukwa kutchalitchi kwathu amatiuza kuti mizimu ya m'madzi imabwereka mawu a munthu amene umamukonda kuti ikukwatire. Thupi lonse linazizira. Mawu aja anaitananso, ndipo ine ndinatsegula kukamwa mmene ndimachitira pa mapemphero ausiku wonse.

“Moto! Bwelela kwamene wachoka, iwe chimukazi cha mu manzi! Sinikuziba ine, sinizakakukwatila olo uchite bwanji!”

Ndinakuwa choncho mpaka mawu kusasa. Kenako tenti inayamba kunyamuka yokha, ine n'kudziwa kuti basi kwanga kwatha. Koma anali ba Enock, atazula zikhomo n'kuifunyulula. Ndinapezeka nditagwada pamtetete, zipi ili m'manja. Patsogolo panga panaima Misozi, atanyowa mpaka madzi akudontha m'tsitsi, ndipo kumbuyo kwake kunali asodzi atavala matumba oyera a feteleza kumutu, owapinda ngati zisoti poteteza mvula. Anatifotokozera kuti ankachita zimene amati kutumpula, kumenya madzi ndi mitengo kuti nsomba zithawire mu ukonde. Popeza n'zoletsedwa, amadikira nkhungu ndipo salankhulana, mabwato awo n'kubisika m'nkhungu momwemo. Anakocheza chifukwa kukuwa kwanga kunawaganizitsa kuti ng'ona yagwira munthu.

Asodzi omwewo anatiwolotsa madzulo omwewo, ine mutu uli pansi ulendo wonse, manyazi akundiwotcha kuposa mmene mantha anandiziziritsira. Ba Enock ankangogwedezeka mapewa, kuseka kosatulutsa mawu. Misozi sanaseke. Titatsika padoko anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa.

“Mau yanga unayamvela bwinobwino, wanikana pamenso pa ba Enock. Manje pa chikwati abusa bakakuitana zina, uzayankha olo uzakuwa moto?”

Amalume ake anamva zonse, ndi mawu anga omwe, ndipo mpaka lero akuti akuganizabe. Ine m'tenti sindidzalowamonso. Ndipo Misozi akandiitana masiku ano, kaya ndikumuona kaya sindikumuona, ndimayankha asanamalize dzina langa.