Musazule Chingwecho!

Pulani yathu inabadwira pa Nkando, m'shabini ya mayi Dyna kuseri kwa msika, amuna atatu titaunjikana pa kabotolo kamodzi ka kachasu. Tonse tinali madolo olemba mapulogalamu a kompyuta, mpaka tsiku lomwe kampani yathu ya ku Blantyre inati azungu asiya kutumiza ndalama, aliyense aone msana wa njira. Lendi itatikola pakhosi, tinabwerera kwathu ku Mulanje, madigiri ali m'jumbo.

Amene anali pamoto ndi Hudson, yemwe tinkamutcha Seva, dzina la chikompyuta chachikulu, chifukwa cha kukula mutu. Kampani ina yakunja inamuitana kuti alembe mayeso a ntchito pa intaneti Loweruka m'mawa, koma laputopu yake anali atagulitsa kale n'kugula chimanga. Mkazi wake ananenetsa kuti akaphonya mwayi umenewu, Lolemba akayambe kuthyola tiyi ku esiteti limodzi ndi apongozi ake.

"Aise, Che Hussaini ali ndi laputopu mugolosale mwawo," anatero Pilato, amene ife tinkamuti Vairasi. "Amangowerengera shuga ndi sopo. Kuizunzatu kumeneko! Lachisanu masana amatseka n'kupita kumzikiti, ndipo zenera lakumbuyo n'lofooka. Kulowa, kunyamula, kutuluka. Yatha dilu."

"Si kuba kumeneko?" ndinafunsa.

"N'kusamutsa chabe, mphwanga," anatero Seva. "Anthu a sukulu ngati ife sangatigwire ogulitsa sopo."

Ine, yemwe ankanditcha Mbewa, ndinapatsidwa udindo wolondera kunja.

Lachisanu linafika. Zenera silinavute n'komwe, anzanga awiri aja anangoti lowu! Ine ndinaima pansi pa mtengo wa mapeyala, manja m'thumba, kuimba mluzu ngati wodikira minibasi kuseri kwa nyumba. Ndinadikira. Ndinadikirabe. Kenako ndinamva anthu akukangana m'katimo.

Nditasuzumira ndinapeza laputopu ili pakauntala, yoyaka, chingwe chake chili kumagetsi a sola. Vairasi anali atagwira m'mutu.

"Mayo ine! Chigulireni sanaipangepo apudeti! Mayeso ungalembere pa chinthu chotere?"

"Kwathu bandulo tilibe," anatero Seva, "pomwe intaneti ya pano ndi yaulere."

Ndiye anadina kuti apudetiyo iyambe. Sikirini inasanduka yabuluu, n'kulemba kuti tidikire, tisayerekeze kuthimitsa. Apo ndi pomwe tinaona kuti batire lake linafa kalekale. Kungozula chingwe, zonse zikanaonongeka.

Abale, mbava yeniyeni, yosapita kusukulu, ikanazula n'kuliyatsa liwiro. Koma ife tinaphunzira. Tinkadziwa kuti kompyuta saidula pakati ikamadzikonza. Ine mlonda ndinalowa nawo pazenera kuti ndikapereke maganizo anga.

Tinakhala pamatumba a mpunga, maso pasikirini, timadontho tikuzungulira pang'onopang'ono ngati nkhalamba yopalasa njinga pachitunda. Vairasi anatsegula mabisiketi. Tinayamba kukangana za yemwe analembera Che Hussaini kapulogalamu kowerengera katundu, tonse n'kugwirizana kuti ameneyo ndi mbuli yofunika kumangidwa.

Loko anati khethe!

Che Hussaini anaima pakhomo atavala mkanjo woyera, kumbuyo kwawo kuli theka la mzikiti.

"Kodi ndili ndi alendo?" anafunsa mofatsa.

"Akubaaa!" anakuwa mayi wina wogulitsa nthochi, ndipo msika wonse unakhamukira pomwepo. Ine mwendo unali kale pazenera, koma wakabaza wina anandikoka lamba. Vairasi anayesa kunena kuti ndife a kampani yokonza makompyuta, pakamwa pali mbuu ndi mabisiketi. Khofi lomwe analandira ndimalimvabe ine.

Seva sanathawe. Anthu akumumanga manja ndi linya, anaona mkulu wina akuweramira kusoketi kuti anyamule laputopu ikakhale umboni kupolisi.

"Bambo, chonde!" anakuwa, misozi ili chuchuchu. "Ine menyani, koma musazule chingwecho! Yatsala pang'ono!"

Anthu anaseka mpaka kuiwala kutimenya. Che Hussaini anapukusa mutu n'kulamula kuti aliyense adikire, ndipo tinadikira tonse, mbava ndi otigwira, mpaka makina anamaliza.

Loweruka m'mawa, nthawi ya mayeso ikukwana, Seva anali akukolopa m'chitokosi. Tiyi akuthyola mpaka lero. Koma laputopu ija, akuti masiku ano ikuthamanga zedi.