Tsiku Limene Khansala Anatsekula

Ndivomere poyambirira: mawu aja khansala ndinamuphunzitsa ndine, ndipo atabweranso ndili nawo ena.

Khansala wa dera lathu ku Wigston ndi wa chipani chija chokakamira zakale, ndipo ntchito imene amaidziwa bwino ndi kutseka. Anavotera kutseka holo ya achinyamata. Laibulale anaidula masiku. Kenako basi ya mbandakucha, imene mayi anga ankakwera popita ku Leicester kukasamalira okalamba, anaichotsa, akuti inkawononga ndalama za khonsolo. Iye chomwe chimamuwawa ndi maenje a mumsewu ndi malo oimika galimoto (galimoto imene ife tilibe). Chichokereni basiyo, mayi amayenda wapansi mtunda wautali kukakwera ina, mvula kaya chisanu. Abwana awo anawachenjeza kale kawiri za kuchedwa. Kachitatu ntchito yatha, ndipo mapepala athu okhalira kuno anamangiriridwa pa ntchito yomweyo.

Zisankho zitayandikira, khansalayo anabwera kutchalitchi kwathu. Mayi anali atalemba kalata yopempha basi, anzawo atasayina, ndipo abusa anawalonjeza mphindi ziwiri zoti aiwerenge.

Ine anandiika pakhomo kulandira alendo (cholakwa choyamba, ndipo si changa). Khansala anandigwira paphewa n'kundipempha m'Chingerezi kuti ndimuphunzitse kunena m'Chichewa kuti watitsekulira mtima wake.

Ndinati, "Nenani kuti: Ndatsekula m'mimba chifukwa cha inu."

Anabwereza katatu. Ndinamukonza katchulidwe. Analemba pachikhatho.

Ataima kutsogolo anaika dzanja pachifuwa n'kunena mawuwo limodzilimodzi, mwaulemu wonse. Abusa anayamba kuwerenga mababu kudenga. Bambo ena a ku Zambia kumbuyo ananong'ona, "Awe, mupaseni manzi ya mchere na shuga mudala uyu." Anthu anaomba m'manja pofuna kubisa phwete, khansala n'kuyesa wagoletsa. Anabwerezanso.

"Mayi, kalata ija," anatero abusa.

Mayi anaimirira, pepala m'manja. Anawerenga bwinobwino m'Chingerezi mpaka pamene kalatayo inkapempha kuti atsekulenso njira ya basi. Pomwepo anaphulika n'kuseka. Anakhala pansi, nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo sindikudziwa mpaka lero ngati misozi yonse ija inali ya kuseka. Mphindi ziwiri zinatha. Khansala analandira kalatayo, anaipinda osaiyang'ana, n'kuthamangira kumsonkhano wa maenje.

Titafika kunyumba mayi anati, "Iwe, ntchito ikatha udzadya nthabwala?"

"Koma mayi, inunso munaseka."

"Ndinaseka. Ndiye basi yabwera?"

Sinabwere. Yankho la kalata silinabwerenso. Mumtima ndimati ngakhale akanaiwerenga ndi mawu a mngelo sichikanasintha kanthu, koma zimenezo sindinena mokweza.

Foni mayi anandilanda mwezi wathunthu, ndipo mmawa uliwonse ndimawaperekeza kokwerera basi nditasenza chikwama chawo, kenako n'kubwerera kukavala yunifomu. Ine sindikudandaula. Ndikanagona sindikanaona timapepala ta kampeni tikusuzumira pazitseko za msewu wonse: chithunzi cha khansala ali kutchalitchi kwathu, dzanja pachifuwa, ndipo pansi pake, m'zilembo zikuluzikulu, mawu anga aja osalakwika ngakhale chilembo chimodzi.

Ndinasolola kamodzi n'kuwapatsa mayi. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Zonse zija anatseka, chimene watsekula n'chimodzi chokha," anatero. "Tambasula miyendo, tachedwa."