A Chakondwa, Kobradolo wa pa Intaneti

Ku Ulongwe kuno kunali munthu mmodzi yekha wotsitsa anthu pa intaneti ngati akuwatsitsa mu shapa, minibasi zathu zija, ndiye a Chakondwa. Ukobradolo, kutolera ndalama mu shapamo, inali ntchito yawo yakale, pa msewu wa ku Tete. Mawondo atakana, kalabu yathu ya mpira inawapatsa kakomputadolo koulutsira masewero pa tsamba lathu. Kanali kokalamba. Oonera akachuluka kankakomoka, chithunzi n'kuuma gwa.

A Chakondwa sankalola zimenezo, ndipo chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Mwana wawo Elísio anapita ku Joni kalekale, osabwera, osaimba foni. "Mpira ankaukonda," ankatero. "Tsiku limene adzatsegule, apeze malo."

Ndiye tsiku losewera ndi Domwe, msika unkaona zakuda. A Chakondwa ankalowa ndi dengu, maso ali psuu.

"Mai Marcelina, tsikani!"

"Nditsike pati, a Chakondwa? Ndili pa kachewere wanga."

"Pa tsamba! Bwalo lili apo, likhweru lomwe mukulimva. Miyendo mulibe?"

"Nanga kachewereyu andigulitsire ndani?"

"Ponyani telefoni m'dengumu, muzionera ya a Flávio."

Lamulo linali lomwelo: telefoni imodzi mzere wonse, zotsala m'dengu. Anthu ankagundanitsa mitu mpaka kugawana nsabwe. Ngakhale a padiri anawalanda yawo. Atadandaula anayankhidwa kuti, "Inu kapemphereni, zigoli tikuuzani."

Tinkawanena, inde, koma tsamba silinkagwa. A ku Beira ndi a ku Joni ankaimba kuthokoza, ndipo a Chakondwa ankangofunsa chimodzi: "Elísio mwamuona? Waonera?"

Kenako akuluakulu a kalabu anapeza makina aakulu ku Maputo, osadzaza ngakhale dziko lonse litalowa. Zabwino zimenezo, sindikukana. Koma chinavuta n'chiyani kumuuza munthu wamkulu? A Chakondwa anangofika ndi dengu lawo n'kupeza chitseko chokhoma. Pa mwambo wotsegulira makinawo anathokoza aliyense mpaka wopukuta mipando, koma dzina la a Chakondwa silinamveke. Zimandiwawa mpaka lero. Anadwala dzinja lomwelo, n'kutisiya.

Elísio anabwera kumaliro, atavala nsapato zosongoka. Mai Marcelina analephera kupirira, anamufunsa tikuchoka kumanda.

"Mwanawe, mpira unkaonera? Bambo ako anatizunza chifukwa cha iwe."

Iye anatong'ola maso. "Mpira uti, amayi? Kuno muli ndi tsamba?"

A Flávio analavula malovu pansi n'kumapita.

Masiku ano Domwe ikabwera, msika umakhala zii, aliyense ali zyoli pa telefoni yake. Chigoli chikalowa munthu amafuula yekha, n'kuchita manyazi. Tsamba siligwanso, malo ali mbwee, koma palibe amene akusungira mnzake.