Tenti Yanga ndi Thadzi la Abiti Juma

Nditatsegula zipi ya tenti m'mawa uja n'kutulutsa mutu, ndinapeza anthu ali pamzere. Mzerewo unayambira pakhomo la tenti yanga, kudutsa pamlambe, kukathera kuseri kwa chulu. Amayi mbali iyi, abambo mbali iyo. Aliyense thumba lopanda kanthu m'manja. Ena atagwira zitupa.

Ndinabweza mutu. Ndinatseka zipi.

Ndifotokoze kaye momwe ndinafikira pamenepo.

Ine ndine mlonda pa loji ina ku Chembe. Kwathu ndi ku Ntcheu, kuno ndinadzakwatira. Zaka zonsezi ndakhala ndikutsegulira geti azungu a zikwama zakumsana aja. Amafika atapsa ndi dzuwa, fumbi mpaka m'makutu, mano okha kunja. Ukawafunsa kumene achokera, amati kuchipululu cha ku Namibia, masiku ambiri osaona nyumba, kugona m'tchire. (Mwadala. Ndalama ali nazo, koma kugona m'tchire mwadala.) Poyamba ndinkati ndi misala. Kenaka ndinayamba kusirira. Munthu imvi zayamba, dziko langa lomwe ndimangolidziwa kuchokera pageti kukafika kumsika wa Monkey Bay.

Mzungu wina pobwerera kwawo anandisiyira tenti ndi chikwama. Tenti yoyera, denga labuluu, pambali malembo akuluakulu a chinenero chakwawo. Ndinaiyeserera kuseri kwa nyumba katatu. Mkazi wanga anangoti denga la khitchini nalonso limafuna munthu wachangu chotero.

Nditalandira tchuthi mu Novembala, mvula isanagwe, ndinapita kwa mlamu wanga Yusufu, mchimwene wake wa mkazi wanga. Iye amachita kabaza wa njinga yamoto ku Mangochi. Alamu amayankhula ngati wailesi. Ine ayi. N'chifukwa chake timagwirizana. Ndinawauza kuti andiperekeze ulendo wa masiku atatu, kutsidya la Shire, kumene kulibe anthu. Anandifunsa ngati ndathawa mlandu. Ndinati ayi. Anafunsanso ngati kumeneko kuli mkazi. Ndinati ayi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati mafuta ndigule ine.

Tinanyamuka m'mamawa. Zoona zake, sindinasangalalepo choncho chibadwire. Tinaoloka mlatho, tinadutsa Malindi, phula linatha. Fumbi lofiira, milambe ikuluikulu, migwalangwa, mitsinje ya mchenga wokhawokha. Chikwama kumsana, mphepo yotentha kumaso. Penapake ndinayamba kuimba. Ine, kuimba. Alamu anaimitsa njinga n'kufunsa ngati ndalumidwa ndi mavu.

Chakudya ndinagula chachizungu, monga ndimaonera kuloji: buledi, chiponde, shuga, ndi tizingwe tam'mapaketi tija timaviikidwa m'madzi otentha. Tinaphika pansi pa mtengo. Alamu analawa kamodzi, anati Mulungu andikhululukire, n'kutulutsa chinangwa chawo m'thumba. Ine ndinamaliza mapaketi awiri. Patangopita nthawi pang'ono m'mimba munali ngati sindinadye chiyambire dzulo. Sindinawauze.

Tinasiya msewu wa ku Makanjira n'kulowa kanjira kopita kumapiri a kumalire. Ndine ndinasankha. Kumeneko n'kumene tayala lakumbuyo linaphulika. Alamu anamata. Tinayenda pang'ono, linaphulikanso, ulendo uno chubu chinang'ambika ngati nsanza. Anamasula tayala, analisenza pamutu, anati abwerera kumsika umene tinadutsa, akagona kwa m'bale wawo, afika m'mawa. Anandifunsa ngati sindiopa kutsala ndekha. Ndinaseka. Izi n'zimene ndinadzera.

Ndinamanga tenti pafupi ndi mlambe. Inaima bwino, zingwe zonse zolimba. Malaya anga anali atanyowa ndi thukuta, ndiye ndinawayanika panjinga n'kuvala chovala changa chonyezimira cha kuntchito chija. Nsapato za jombo, chipewa. Ndinaima manja m'chiuno, ndikuyang'ana mapiri. Ndinati eya, chipululu n'chimenechi. Palibe munthu.

Ku Malawi kulibe chipululu. Ungokhala pansi pa mtengo, munthu amatulukira.

Woyamba anali bambo wachikulire wovala kofia. Anapereka moni mwaulemu, anati dzina lawo ndi Che Saidi, wapampando wa komiti ya mudzi umene unali kuseri kwa kaphiri. Anayang'ana tenti. Anayang'ana njinga. Anayang'ana chovala changa. Nkhope yawo inawala. Anafotokoza kuti chimanga chinapsa m'munda chaka chino, ndipo anauzidwa kuti kudzabwera anthu odzalemba maina a olandira chakudya. Akhala akudikira miyezi iwiri. Ulendo watha, amene anabwera anafikanso chimodzimodzi: njinga yamoto, tenti yoyera, zovala zowala.

“Ndiye ndinu a bungwe aja, bwana?”

Apa ndisaname. Ndinamva bwinobwino. Chichewa chawo chinali chomveka. Ndikanangoti ayi. Koma kumbuyo kwawo kunali kutafika mayi wokalamba atapanira nkhuku m'khwapa, ndipo m'mimba mwanga munali tizingwe tokhatokha. Chinanso, chiyambire ntchito palibe ananditchulapo bwana. Ine ndi amene ndimatchula ena.

“Mm,” ndinatero.

“Mm” ameneyu ndimamunena tsiku lililonse. Kwa mkazi wanga, kwa abwana, kwa abusa. Sanandibweretserepo vuto. Sindinati inde. (Ndakhala ndikudzitonthoza ndi zimenezi. Sizithandiza.)

Mayiyo anali Abiti Juma, wamasiye, amalera zidzukulu zinayi. Che Saidi anandiuza kuti ulendo watha dzina lawo linatsala chifukwa anali kuchipatala ku Mangochi, akudwazika mwana wawo, amene sanabwerere. Ulendo uno safuna kuphonyanso. Nkhukuyo inali thadzi lawo lokhalo, loikira mazira. Anati mlendo wa boma sagona ndi njala.

Pamenepo panali mpata wina wonena ayi. Ndinauona ukudutsa. Che Saidi anatembenukira kumene amayang'ana popemphera, anatchula dzina la Mulungu, anachinja nkhukuyo. Dzuwa lisanalowe mbale inafika, nkhuku ndi chinangwa chophika. Ndinadya ndekha pakhomo la tenti, anthu atakhala chapatali mwaulemu. Inali yokoma. Ndikanakonda kulemba kuti inandiima pakhosi, koma inali yokoma kwambiri. Ndinadziuza kuti alamu afika tambala woyamba akulira, timanga katundu, tisowa anthu asanadzuke. Ndinagona tulo tabwino.

Alamu sanafike ndi tambala. Amene anafika ndi anthu aja.

Ndiye ndinali mkati mwa tenti, zipi yotseka, dzuwa likukwera. Tenti ikatentha imakhala ngati uvuni wa mandasi. Ndinafufuza ngati ili ndi khomo lakumbuyo. Ilibe. Ndinaganiza zong'amba ndi mpeni, koma kumbuyoko ndinamva ana akunong'onezana. Ndinali nditazingidwa.

“Odi, bwana. Tebulo lafika.”

Anali atanyamula tebulo ndi mpando kuchokera kumadrasa. Ndinatuluka. Malaya anali panja panjinga, ndiye ndinatuluka nditavala chonyezimira chomwe chija. Amayi anaimba nthungululu. Sindibisa, kamphindi kamodzi ndinamva kukoma. Ndinayenda ngati nduna. Ndinakhala pampando. Ndinaika manja patebulo. Kenaka ndinakumbukira kuti ndilibe ngakhale cholembera.

Che Saidi anafunsa ngati tiyambe ndi okalamba kapena amayi oyembekezera. Ndinati tidikire mnzanga. Izi zinali zoona, ndinkadikiradi mnzanga. Iwo anatembenuka n'kulengeza m'Chiyao, ndipo ndinamva mawu oti mabuku. Anthu anagwedeza mitu. Anakhala pansi kudikira mabuku.

Mzere unakulirakulira. Ena anafika panjinga zakapalasa kuchokera midzi yakutali. Mayi wina anayala mango n'kuyamba kugulitsa. Amuna awiri anakangana za malo pamzere, anabwera kwa ine kuti ndiweruze. Ndinaloza wamfupiyo. Anamvera. Gogo wina wosaona anamutsogolera mpaka patebulo kuti angondigwira dzanja.

Patsogolo pa onse panakhala Abiti Juma. Anali atafika kusanache. Chitupa chawo anachikulunga m'kapepala ka pulasitiki, anachigwira ndi manja awiri. Ankangondiyang'ana n'kumamwetulira ngati ndine mwana wawo amene wabwera kuchokera ku Joni. Kamodzi kokha anaweramira kutsogolo n'kundiuza motsitsa kuti zidzukulu zija aziuza kale kuti vuto latha.

Nkhuku ija ndi pamene inayamba kundiima pakhosi. Mochedwa.

Dzuwa lili pafupi kufika pamutu, alamu anatulukira panjira, tayala pamutu. Nthungululu zinaliranso. Alamu anaima. Anayang'ana mzere, tebulo, matumba, kenaka ine pampando. Alamu sachedwa kumvetsa zinthu. Anatsitsa tayala, anagwira mawondo, mapewa akugwedezeka. Anthu anaganiza kuti atopa, wina anawathamangira ndi madzi.

Atafika patebulo anandinong'oneza kuti anandisiya tsiku limodzi lokha ndipo ndatsegula kale ofesi. Kenaka anati ndisadandaule, nkhaniyi aitha. Awauza m'Chiyao kuti ife ndi otsogola chabe, tinabwera kudzaona malo, galimoto la chimanga lifika sabata yamawa. Tibwezera tayala, tiyatsa njinga, basi. Palibe adzatipeze.

Inali nzeru yabwino. Ikanatheka. Ndinayang'ana Abiti Juma. M'maganizo ndinawaona akubwera pamlambe uja sabata yamawa, ndi inayo, chitupa m'manja.

Ndinaimirira. Ndinavula chonyezimira. Ndinatsala chifuwa pamtunda pamaso pa amayi onse aja, zomwe sindinaziganizire bwino.

“Sindine wa bungwe,” ndinatero. “Ndine mlonda. Chimanga ndilibe. Ndinalakwa.”

Zimenezi ndi zambiri kuposa zonse zimene ndinayankhulapo pagulu, kuphatikizapo paukwati wanga.

Alamu anamasulira, ngakhale panalibe amene sanamve. Che Saidi anavula kofia, anakanda mutu, anavalanso. Anafunsa kuti nanga ndinabwera kudzatani. Ndinati kudzaona malo. Anafunsa ngati ndikufuna kugula. Ndinati ayi, kungoona. Anayang'ana uku ndi uku, milambe, fumbi, minda youma, kufunafuna chimene ndinadzaona. Anafunsa ngati kwathu ndili ndi nyumba. Ndili nayo. Mkazi? Alipo. Bedi? Lilipo.

“Ndiye mwasiya bedi kudzagona pansi kwathu kuno? Popanda maliro?”

“Mm.”

Kumbuyo wina anaseka. Kenaka ambiri. Koma si onse. Bambo wina anakuwa kuti wayenda kuyambira mbandakucha, wasiya munda osagalauza. Mayi wina anakutumula thumba lake pamaso panga n'kulipinda mwaukali. Gogo wosaona uja anafunsa amene anamutsogolera kuti chachitika n'chiyani, ndipo atamuuza anapukuta dzanja lake pamalaya. Amuna awiri anabwera mwakachetechete, wina anatenga tebulo, wina mpando. Alamu, amene sasowa chonena, ankabwezera tayala mutu uli pansi.

Anthu anabalalika pang'onopang'ono. Abiti Juma sanachoke. Anamasula nsonga ya chitenje, anamangamo chitupa chawo, anamanga mfundo ziwiri. Ndinagwada pafupi nawo. Ndinabweretsa chikwama n'kukhuthula zonse. Shuga anatenga. Chiponde anatenga. Buledi anatenga. Tizingwe tija anatitembenuza, ananunkhiza paketi, anandibwezera. Ndinaloza tenti kuti atenge. Anati nyumba ali nayo.

Ndinkafuna akalipe. Kukalipidwa ndinakuzolowera, ndi ntchito yanga. Iwo anangondiyang'ana kumimba, kenaka kumaso.

“Mukanangonena kuti muli ndi njala, mwanangu. Mlendo ndi mlendo, ndikanakuchinjiranibe.” Anadzuka, anasenza kamtolo kawo. “Koma ndikanapempha katambala kwa aneba. Thadzi lija limaikira.”

Anatembenuka n'kulowera njira ya kumudzi.

Ndikanakonda kunena kuti kuchokera tsiku limenelo ndinaphunzira kutsegula pakamwa. Ndimayesa. Mkazi wanga akuti kusintha kwake sakukuona.

Alamu anayatsa njinga. Anandifunsa ngati ulendo ukupitirira, poti kwatsala masiku awiri ndipo midzi ina kutsogoloku sinalembedwe maina. Ndinapinda tenti. Ndinabereka chikwama. Ndinawadutsa pamene anaima, injini ikulira, n'kuyamba kuyenda wapansi kulowera kumsewu.