Mitu ya M'thumba mwa a Fackson

A Fackson Sakala a pa Sinda ankayenda ndi mitu m'thumba. Musathawe, sindikunena mitu ya anthu, ngakhale alipo ena mpaka lero amene akukayikabe. Inali mitu ya tidoli, uliwonse kukula ngati nzama, ndipo akamayenda jekete lawo linkalira ngati chisekese.

Tidolito ankatigula kwa Aroni, bambo wina wa ku Vubwi amene amasungunula mabeseni osweka n'kuumba tianthu totalika ngati chala. Mutu, manja, miyendo, zonse zozula, zolumikiza ndi tizidutswa ta sipoko ya njinga. Msilikali ukamuzula mutu n'kumuika wa ng'ona, basi watuluka munthu wina. A Fackson akangogulitsa thonje, m'mawa mwake ali pa njinga yamoto, ulendo wa ku Vubwi.

Vuto lawo, sankakhulupirira munthu. Matupi ankasiya kunyumba, mitu n'kutenga, kuti wakuba akabwera apeze mitembo yokhayokha. Mlendo potsanzika ankamuuza kuti adumphe pakhomo, amve ngati m'thumba mukulira kanthu. Ngakhale akazi awo, a Mwandida, sankapulumuka.

"Mwandi, dzanja la nkhanu lili kuti?"

"Ndinathira m'ndiwo. Munadya dzulo."

"Seka. Koma nkhuku yako yoyera ija ikundizemba maso."

Nkhukuyo inamangidwa mwendo pamtengo tsiku lathunthu, a Fackson ali pampando ndi kamtengo, kufufuza umboni uliwonse womwe inkagwetsa. Dzanjalo linapezeka m'sokosi mwawo. Sanapepese. Anati nkhuku ndiyo inaliikamo itaona kuti zavuta.

Ifenso sitinkawakhulupirira. Munthu mutu ukamuwawa ankati, "A Fackson andizula." Ine sindinena za anthu, ndimangopereka zomwe ndamva.

Koma mkuluyu anali ndi mantha amodzi: maliro opanda nyimbo. Mu mpingo wathu ukamwalira uli wodulidwa, kwaya siimba, amayi a Chigwirizano savala yunifomu, amangokutsitsa ngati thumba la fetereza. A Fackson nyimbo zawo anali atasankha kale, ndipo kumaliro a anzawo ankaima pafupi ndi kwaya kuti adziwe olakwitsa.

Ndiye Sabata lina, akuimirira kukapereka chopereka, thumba linabooka. Mitu inagubuduzika tchalitchi chonse. Amayi anakweza miyendo m'mwamba. Wa ng'ona unakaima pa nsapato ya a Jonas, mkulu wa mpingo, munthu amene anaseka komaliza chaka cha dzombe.

Akulu a mpingo anawaitana.

"Izi ndi zinyau zazing'ono," anatero a Jonas. "Kusintha nkhope n'kwa kudambwe."

"Zakudambwe mukuzidziwa bwanji, a Jonas?"

Funsolo silinawathandize. Chigamulo chinali chakuti atenthe tidoli tonse pamaso pa akulu, apo ayi adulidwa. A Fackson anatuluka akung'ung'udza kuti a Jonas akungofuna mutu wa ng'ona. "Ndinaona mmene anauyang'anira."

Anapempha kuti ayambe akolola kaye. Atakolola anapita kwa Aroni, atatenga chithunzi chomwe akulu a mpingo anajambulitsa tsiku lotsegulira tchalitchi.

Tsiku lotentha litafika, anabwera ndi katoni n'kuyamba kuimika tidoli pamchenga. Tidoli tonse tinali ndi mitu yatsopano. Apa dazi la a Jonas, apa mpata wa mano wa a Elijah, mkulu wina wa mpingo, apa magalasi a abusa. Aroni dzanja ali nalo, ngakhale njerewere ya pamphuno sanaiwale.

"Machesi awa. Yambani ndi wanu, a Jonas."

A Jonas anakwecha kamodzi, n'kudzigwira padazi.

"Mphepo yachuluka."

Panalibe ngakhale tsamba logwedezeka. A Elijah anakumbukira kuti ng'ombe zawo sizinamwe madzi. Abusa ananyamula kadoli kawo, n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Abale, ngati ndi pulasitiki chabe, mlandu palibe. Ngati si pulasitiki chabe, kangaka musakakhudze."

Nkhani anaiimika kaye. Katoni, pamodzi ndi mitu yakale, anaitsekera m'kabati ya tchalitchi, a Fackson n'kuikapo loko wawo, poti akulu a mpingo ndi anthu nawonso. Kuyambira pamenepo ankadutsa tsiku ndi tsiku kukasuzumira pawindo. Jekete linasiya kulira. Anayamba kuoneka aang'ono.

Chibayo chinawagwira mvula yapitayi, mlandu usanathe. Sanali odulidwa, sanali omasulidwa. A Mwandida akuti mawu awo omaliza anali funso.

"Mwandi, akaimba?"

"Akaimba, atate."

"Ukunama iwe. Ukawaone pakamwa. Ena amangoyasamula."

Tsiku la maliro akulu anakhala pansi pa mtengo wa mango kukangana, ife tikudikira. Amayi a Chigwirizano yunifomu anali atazibisa m'mapepala a pulasitiki, osadziwa ngati avale. A Mwandida sankalira n'komwe, maso ali kumtengoko. Kenako amene anaimirira ndi a Jonas.

"Munthuyu sitinamudule. Valani."

Nyimbo anaiyambitsa okha, ndi mawu awo aja onga chitseko cha nkhokwe. Ena akuti ndi mantha, poti mutu wawo ukadali m'kabati. Kapena. Koma ine ndinawaona pakamwa, ndipo sankayasamula. Misozi inkatsikira mpaka pa tayi.

Pa Sinda pano tsopano tonse ndife anthu abwino, palibe wotiyesa akuba. Sindinkadziwa kuti zimasowetsa mtendere chonchi. Mkulu uja ankatikayikira, inde, komatu pokayikirapo ankatiyang'ana aliyense kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Dzulo ndinadutsa kwawo ndipo ndinapeza chitseko chili pululu, a Mwandida ali kudimba. Ndinaima pakhomo nthawi ndithu, ndinatsokomolanso. Sanatuluke munthu wondifunsa chomwe ndikufuna.