Ndege Yoona Ludzu la Mbatatesi

Kwa Bwana Mkulu wa Ndege Yoyeza Mbewu,

Bwana, ndine Remi Vandecasteele, nkhalamba ya munda wa kuseri kwa tchalitchi. Sukulu ndinangoinunkhiza, ndiye mupirire nane.

Choyamba, zikomo potitumizira a Dokotala Maertens. Anandiphunzitsa kuti masamba akamadya dzuwa amatulutsa kakuwala kofiira kosaoneka ndi maso, koma makina a m'ndege yanu amakaona, ndipo ludzu likawagwira kakuwalako kamasintha. Anapempha mizere ya mbatatesi yoti ndisathirire mpaka ndege itadutsa. Tinagwirana chanza. Kuno chanza sitibweza.

Anasankha mizere ya kumpanda, akuti ndiyo yoonekera bwino kumwamba. Imeneyo ndi mbewu ya malemu mkazi wanga Godelieve, mbatatesi ya khungu labuluu imene anabwera nayo kuchokera kwa amayi ake. Ilibe dzina, sigulitsidwa kulikonse. Ndinachita manyazi kukaniza munthu wophunzira chotere.

Chachiwiri, zikomo pondidziwitsa pambuyo pake kuti ndege yanu siuluka kukaoneka kamtambo ngakhale kamodzi. Nzeru zakuya zedi, Bwana, kubwera ndi ndege yotere kuno ku Flanders, dera la mitambo yosatha! Chaka chino mitambo ikungodutsa tsiku ndi tsiku yopanda dontho. Mvula ayi, ndege ayi.

Chachitatu, nsalu zoyera ndi zakuda zimene anthu anu anayala pa kapinga kuti makina asasokere zikugwira ntchito. Mphaka wanga amagonapo.

Neba wanga Achiel amandifunsa ku bala, anthu onse akumva, ngati mbatatesi yayamba kuyaka, akuti akufuna kudula magetsi kwawo. Akuti ndithirire mobisa, aona ndani? Koma a Dokotala anati ndowa imodzi ikhoza kuwononga ntchito yanu yonse, ndipo ine ndinalonjeza. Foni ya ku ofesi kwanu imayimba nyimbo yokoma, ndaimvera kambirimbiri.

Pempho langa ndi laling'ono. Masamba apansi auma kale, am'mwamba agwada. Tumizani ndege, kapena munthu wa panjinga adzandimasule pa lonjezo langa. Mukachedwa, bweranibe, zouma siziwala, kuyeza sikudzavuta. Koma mudzauluke motsika pa manda a kutchalitchi, kuti Godelieve adzadziwe woti amufunse za mbewu yake. Ine ndatopa kumufotokozera Lamulungu lililonse.

Wanu wodikira ndi ndowa m'manja,
Remi Vandecasteele