Chithunzi cha Mwini Dziko ndi Babu Wophethira

Ine sukulu ndinangoinunkhiza, sindinaidye, choncho zilembo zikapendama muziwongole nokha. Koma nkhani iyi ndiinena ndithu, poti amene akanandimangitsa nayo anapita, ine ndikadalipo, ndikudya batala, aleluya! Ndinatsala pang'ono kumuchotsetsa ntchito mwana wanga ndi msomali. Msomali umodzi, anthuni.

Mwana wanga Yesaya anali kalaliki pa boma pa Nkhata Bay, masiku aja a chipani chimodzi. Atamupatsa nyumba ya boma pamtunda, njira yopita ku Chikale, anadzanditenga kumudzi kuti ndikathandize mkazi wake Nachisale, mwana wa ku Dedza, amene anali ndi khanda. (Chichewa changachi ndinachitola kwa iyeyo, mukachipeza chopindika mukamufunse.) Nyumba ya magetsi, ada! Ukagwira kachinthu ka pakhoma kotchedwa swichi, kuwala ngwee! Ukagwiranso, mdima bii! Ndinayatsa, ndinathimitsa, ndinayatsa, ndinathimitsa, mpaka Yesaya anati, "Ama, si ng'oma imeneyo."

Koma chinthu chimodzi chinandiwawa m'maso. Chithunzi cha Mwini Dziko chinali m'munsi mwa chithunzi cha ukwati wa Yesaya. Nthawi imeneyo ngakhale mwana ankadziwa: pakhoma palibe chokhala pamwamba pa Iwo, kaya wotchi, kaya kalendala. Ntchito zinkatha pa zazing'ono kuposa zimenezo. Ine wovina wa chipani, wa nsalu yake yomwe, ndingoyang'ana?

Tsiku lina Yesaya ali ku ntchito, Nachisale ku sikelo, ndinatsikira kudoko n'kupempha msomali kwa okhoma maboti, wautali, wonenepa, wosachita manyazi. Ndinakoka tebulo, ndinakwera, ndinasankha malo apamwamba pafupi ndi chitseko, molunjika pamwamba pa swichi, kuti aliyense woyatsa magetsi azikweza maso. Ndi mwala: kho! kho! kho! Unalowa ngati m'chinangwa chophika. Ndinakoleka chithunzi pa kawaya kake, ndinatsika, ndinalulutira ndekha. Yesaya atabwera anati, "Ama, mwatipulumutsa."

Madzulo omwewo babu anayamba kuphethira. Phethi, phethi, ngati munthu amene walowa kachirombo m'diso. Kenako bii.

Yesaya anagula babu wina. Phethi, phethi. Anatsegula kabokosi ka kukhitchini n'kusintha kawaya kopsa kamene ankakatchula fyuzi. Magetsi anayaka, tinaomba m'manja, tikusamba m'manja anathima. Anati ndi simbi ya magetsi ya Nachisale. Simbi inatsekeredwa m'sutikesi, tinabwerera ku ya makala, Yesaya n'kupita ku ofesi ndi bowo pathumba la malaya. Phethi, phethi. Anati ndi mvula; koma kwa aneba, mvula yomweyo, magetsi ali ngwee ngati akutiseka. Mkulu wa mpingo anabwera kudzapemphera. Atangofika pa ameni, mphepo inamenyetsa chitseko, kunada. (Sanadikire tiyi.)

Nachisale, wa maso akuthwa, ndiye anati, "Bambo a mwana, mwaona? Chitseko chikamenyetsedwa, ndi pomwe akuthima." Lamulo linatuluka: chitseko cha kumaso chisatsegulidwenso. Tonse, ndi alendo omwe, tinkalowera kukhitchini ngati nkhuku. Zinathandiza pang'ono. Koma lole yochokera kudoko ikadutsa, phethi, phethi.

Tsono imvani zanga. Tsiku lina pochokera koyeserera magule a chipani, mawondo akulira, ndinadandaula ndekha pabalaza: "Kuvina kosatha uku, kodi Iwowo satopa kuonerera?" Ndinanena motsitsa, m'Chitonga chakwathu. M'mawa mwake ndinakwera patebulo ndi kansalu konyowa kuti ndipukute chithunzi. Nditangopisa dzanja kuseri kwake, nzee! Mkono wonse unavina wokha, ine ndinapezeka pansi, chitenje kumutu. Ndinayang'ana m'mwamba. Iwo akundiyang'ana, osaseka.

Ndinati, "Kodi ndi Chitonga chomwe mumamva?"

Sindinauze munthu. Ukauza ndani kuti Mwini Dziko wandimenya? Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkagwada pansi pa swichi: "Mwawuka uli, Ada?" Ku magule ndinkavina mpaka atsikana kupempha madzi.

Yesaya atatopa anaitana a Kamanga, okonza magetsi m'nyumba za boma. Anabwera Loweruka masana. Tsoka ilo, nthawi yomweyo anafikanso Nyalongwe, tcheya wa amayi a chipani kudera kwathu, kudzandiphunzitsa nyimbo yatsopano. Mvula inayamba, iwo n'kukhazikika pampando, kapu m'manja. Mayi ameneyo akatchula dzina lako ku ofesi ya chipani, umayamba kulongedza.

A Kamanga anayang'ana kabokosi, anakwera kudenga, anatsika ndi ndowe za mileme kumutu. Anatsegula swichi, ananunkhiza. Kenako anaika chala pakhoma n'kumakwera nacho, kulondola waya wa m'kati. Chala kukwera, chala kukwera, mpaka chinafika pachibwano pa Iwo. Chinaima. A Kamanga anayang'ana Iwo, anayang'ana Nyalongwe, chala anachiika m'thumba.

"Mwalipeza vuto, ada?" anafunsa Nyalongwe.

"Palibe vuto, ama. Pano zonse zili bwino. Kuposa kale."

Babu: phethi, phethi.

Anamukodola Yesaya, n'kutulukira pakhonde la kukhitchini. Ine pambuyo pawo ndi ketulo.

"Achimwene," ananong'ona a Kamanga, "msomali wanyamula Bwanawo waboola waya. Chitseko chikagwedeza, ukukhudza moto. Pafunika atsike, ndigumule khoma."

"Atsitsenitu."

"Ine? Pamaso pa mayi uja? Ndili ndi ana ine."

"Nanga ine ndili ndi mbuzi?"

"Nyumba ndi yanu."

"Ndiye tidikire achoke."

"Ndi mvula iyi? Akudyera konkuno amenewo. Ndipo wayayo akununkha kale kupsa. Mukagona naye, nyumba ya boma sindikulonjeza."

Yesaya ananditembenukira pang'onopang'ono. "Ama."

Ine ndinati, "Ada Kamanga, msomali umenewo ungamenye munthu?"

"Ungamuphe kumene."

Mtima wanga unayera mbee! Si Iwo! Ndi msomali! Ndinafuna kululuta, koma nkhope ya mwana wanga inali ngati yochokera kumanda. Akatsitsa chithunzi, ntchito yatha. Akachisiya, nyumba yapsa, ntchito yathanso. Ndinati, "Thimitsani moto wonse kukabokosiko. Zinazo ndisiyireni, ndinakhoma ndine."

Ndinamanga nsalu ya chipani m'chiuno, ndinalowa ndikuvina, ndikuyimba yongopeka pomwepo: "Akwere, akwere, pakhomo pachepa! Akwere, akwere!"

"Ama tcheya," ndinatero, "mwafika tsiku labwino. Mwini Dziko angakhale bwanji pachitseko ngati mlonda, mphepo ikuwagwedeza? Lero tikuwasamutsira kukhoma lalikulu. Koma manja athuwa ndi wamba. Awalandire ndinu."

Nyalongwe anaika kapu pansi, anapukuta manja, anaimirira nji. Ndinakwera patebulo, ndinapisa dzanja, palibe nzee. Ndinawapatsira, anawalandira ndi manja awiri pachifuwa.

Tsono mukudziwa, wonyamula Iwo sakhala pansi, sawatsamiritsa pampando. Msomali wanga unazuka wakuda, wopindika. Tinagwirizana tonse kuti wotero sungagwire Mwini Dziko. Yesaya anathamangira kumsika m'mvula kukafuna watsopano. A Kamanga anayamba kugumula khoma.

"Akuswanji amenewa?" anafunsa Nyalongwe, kusuzumira pamwamba pa chithunzi.

"Akufafaniza bowo, ama. Pamene panakhala Iwo pasadzakhalenso wina."

"Zoona," anatero.

Tinayimba. Za chipani zinatha, tinazibwereza. Zinathanso, ndinalowetsa za chilimika, gule wakwathu, kusintha mawu pang'ono. Nachisale akuomba m'manja, khanda likugwedera kumbuyo. Tiyi anazizira. Manja a Nyalongwe ananjenjemera, thukuta linatsika, Iwo akuvina pachifuwa pawo, koma mayi uja sanapume. A Kamanga, kunena zoona, sanathamange.

Yesaya anabwera ali chonyowa. A Kamanga anagogoda khoma lalikulu paliponse, kumvetsera ngati sing'anga, ndiye n'kukhoma okha. Nyalongwe anakoleka, ife nthungululu. Moto unabwezeredwa kukabokosi. Babu ngwee! Yesaya anatsegula chitseko cha kumaso, anachimenyetsa. Ngwee! Anamenyetsanso. Ngwee!

"Mwaona?" anatero Nyalongwe. "Angosuntha, magetsi akhazikika. Amadziwa zonse."

"Zonse, ama," anatero a Kamanga, akulongedza zitsulo.

Ntchito ya Yesaya inapulumuka, anaigwira mpaka imvi. Koma potsanzika, Nyalongwe akudzitikita mapewa, anandigwira dzanja. "Agogo, mawa mubwere kwathu. Kwathunso ali pachitseko."

Yesaya kuseri kwawo akupukusa mutu, akupukusa manja. Koma tcheya amakanidwa? Ndinapita, ndi mwala wanga womwe. Nditalowa ndinayamba ndayendera makoma onse, kona ndi kona, kufuna swichi. Ndinapeza nyali ya palafini patebulo. Ndinati aleluya, ndinakwera, kho! kho! kho! ndi mtima wonse.

Mpaka lero Yesaya amati phunziro lake n'lakuti ndisamagwire msomali. Mwana ameneyu sukulu inamupita pachabe. Phunziro n'lakuti uziyamba wafunsa ngati nyumbayo ili ndi magetsi.